Vinyo Amene Ndinatsalira

Usiku wathawu, anzanga, ndalota maloto oti ndikapanda kuwanena andidwalitsa. A Sandalamu, taimitsani kaye makina osokerawo, buluku la eni ake silithawa. Inunso a Mulinde, ikani pansi nsapato mukukhomayo, ndipo musayambe kuseka ndisanafike n'pakati pomwe. Ine ndimakudziwani, inu mumaseka ngakhale pa maliro.

Nonse mukudziwa kuti ndinakhalako ku Kepi, kunja kwa dziko lino, zaka khumi ndi zitatu, pa famu ya mphesa. Ndinayamba ndi kuthyola, kenaka anandilowetsa m'chipinda chapansi chozizira, mosungira vinyo m'migolo ya matabwa. M'menemo ntchito yanga ina inali yonyamula ndowa. Eetu, ndowa. Akabwera akatswiri olawa vinyo, samezatu ayi. Amayang'ana mtundu wake, kununkhiza, kupsontha pang'ono, kuchukucha m'kamwa, basi n'kulavula. Amati wolawa akameza, pofika botolo lachisanu lilime limayamba kunama. Ndiye ine ndinkayenda pambuyo pawo ndi ndowa yanga, makutu ali tcheru, mpaka nanenso ntchitoyo ndinaidziwa, moti masiku ena ankandifunsa maganizo.

Koma pali vinyo mmodzi amene sindinamulawepo, ndipo nkhani yake sindikonda kuikamba. Chaka changa chachiwiri kunali ng'amba yoopsa. Dzuwa linkaswa mtengo kuyambira m'mawa, moti mphesa zinapsera limodzi munda wonse. Sabata yomweyo mlamu wanga anaimba foni kuti Nanyoni, mkazi wanga, amugoneka m'chipatala kuno ku Ntcheu. Kapitawo anati, "Masiku khumi ndi awiri okha, Jailosi, titsirize kuthyola. Ukachoka lero, malo ako atenga wina." Nditalankhula ndi Nanyoni pa foni anandifunsa kuti, "Mubwera liti, bambo a Lusiya?" Ine ndinati, "Tikangotsiriza." Tinatsirizadi. Ndinafika kumudzi patapita masiku awiri chimuikireni m'manda. Paja amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ine ng'omayo ndinaimva bwinobwino, n'kuuza woimbayo kuti adikire kaye. Vinyo wa chaka chimenecho ndiye anadzatchuka kuposa onse pa famupo. Nditabwererako ndinkathirira alendo, ndinkanyamula ndowa, koma pakamwa panga sanafikepo. Tsopano papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ndiye m'malotomo ndinali pa depoti, dzuwa lili paliwombo, ndikudikira basi koma osadziwa kumene ndikupita. Pambali panga pa benchi panakhala botolo. Botolo lalitali ngati inu a Sandalamu, lafumbi, la mapewa otsika, litavala jekete lakuda lothina.

"Achimwene," linatero botololo, "musagwedeze benchi. Ndine wamkulu ine, ndili ndi masese pansi. Mukandivundula simundimva kukoma."

Ndinapepesa, n'kulifunsa kumene limapita.

"Ku mlandu. Ndagona chammbali mumdima zaka zonsezi, lero andidzutsa kuti akandiweruze. Ena akuti dzuwa linandipsereza ndili wakhanda, ena akuti linandilimbitsa. Oweruza alipo atatu. Wachinayi ndinu."

Linamasula mabatani a jekete, ndiye ndinaona chaka cholembedwa pachifuwa pake. Chinali chaka chija. Ndinati ndithawe, koma miyendo inakana, nsapato zanga n'kunena kuti izo zatopa, sizipita kulikonse.

Mwadzidzidzi basi inafika, koma sinali basi, unali mgolo waukulu ukugubuduzika mumsewu, mawindo atabooledwa m'mbali. Kondakitala wake anali sizasi yanga yothyolera mphesa, ya chogwirira chofiira, italendewera pakhomo n'kumakuwa kuti, "Kepi! Kepi! Lizulu, Dedza, Kepi! Wotsala mmodzi!" Itandiona inayasama.

"Jailosi! Si iwe unanditaya mu mzere womaliza n'kuthamanga osanditsanzika? Ndachita dzimbiri chifukwa cha iwe."

"Pepani, ndinali ndi maliro."

"Maliro unali nawo kuyambira tsiku loyamba lija, kungoti unkathyola. Kwera."

Ndinakwera, botolo ndinalikhazika pamiyendo, ndikuligwira choimika kuti masese asavunduke, ngakhale mgolowo unkatitembenuza mitu pansi miyendo m'mwamba. Okwera anzathu anali matumba a mbatatesi, onse akuimba nyimbo ya kwaya m'mawu anayi. Ku mpando wakumbuyo kunakhala foni yanga yakale ya mabatani ija, itafunda shawelo, ikungoti, "Mubwera liti? Mubwera liti?" Thumba lina linandikodola. "Bambo, tawayankhani mayiwo, atisokosera kuyambira pa Kampepuza." Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Tikangotsiriza." Mgolo wonse unafa nacho chiseko, koma ine ndinachita manyazi oti ndilowe pansi.

Ndiye tinafika pa chipata cha m'malire, ngakhale ine ndinkaona ndi maso angawa kuti ndi pa msika wa Tsangano, makabichi ali mbwee. Anatuluka bwana wa yunifolomu, chidindo chili m'manja.

"Dzina?"

"Jailosi Kathumba."

"Cholinga cha ulendo?"

"Kukalawa, bwana."

"Chiphaso."

Ndinapisa m'matumba monse, ndinangopezamo njere za mphesa. Bwanayo anati, "Osati chimenecho. Tulutsani lilime." Akulankhula choncho khosi lake likutalika, mabatani akuthothoka limodzilimodzi, lilime lake lomwe n'kugawika pawiri, kumbuyo mchira ukukwekwereza pansi. Pofika pondiyandikira inali ng'azi yathunthu, chipewa chokha ndicho chinatsala pamutu. Inandiyang'ana lilime uku ndi uku, n'kulidinda kuti phaa.

"Lilime lanuli linatha ntchito chaka chatha, koma ndakumverani chisoni. Lamulo la kuno ndi limodzi: wolawa sameza. Mukameza, tikukwezani basi yobwerera nthawi yomweyo, osatsanzika munthu."

Kenaka sindikudziwa kuti tinayenda bwanji, ndinangoona tili m'chipinda chapansi chija, migolo ili ndandanda, koma kutsogolo kuli bolodi ndi choko ngati kalasi ya Sitandade 4. Pa tebulo la nsalu yoyera panakhala oweruza atatu a masuti. Wapampando, bambo wonenepa, anaimirira kuti atsegule mwambo. Anayamba ndi kulonjera alendo olemekezeka, amene kunalibe n'komwe, ndiye akulonjera choncho khosi likufiira, likulendewera, mpaka nthenga zinatulukira m'manja mwa jekete. Pofika poti "amayi ndi abambo" anali atasanduka nkhukundembo. Mayi wa magalasi amene ankalemba zokambirana anali mbuzi kalekale, ndipo anali atadya theka la pepala la malikisi. Wachitatu sindinamuone akusintha. Ndinangopeza pa mpando pali nanzikambe wovala tayi, diso limodzi kwa wapampando, lina kwa ine.

Mboni yoyamba inali chitsekerero cha botolo lija. Chinalankhula chili pakamwa pa botolo pomwepo, ndi mawu a nkhalamba.

"Ine ndamugwira pakamwa ameneyu usana ndi usiku. Sanaulule kanthu kwa munthu, ndipo mpweya sunalowemo. Mundichotse mwaulemu, ana inu, ndafumbwa."

Mbuzi inabwera ndi chotsegulira mwaphuma, kungopotokola kawiri, chitsekerero n'kuthyoka pakati. "Mayo, msana wanga!" Apa ine ndinapsa mtima. Ndinalanda chotseguliracho, n'kutulutsa theka lotsalalo pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, popanda kachidutswa kogwera m'kati. Ndinathira vinyoyo mu jagi mopendeketsa, dzanja osanjenjemera, ndipo masese atafika pakhosi pa botolo ndinaleka. Manja anga ntchito ankaikumbuka, a Mulinde. Mtima ndi umene unkakana.

"Ndipumeko kaye," anatero vinyo ali mu jagimo.

Vinyo wakale ndi choncho, amafuna kampweya asanayambe kulankhula. Ndiye tonse tinakhala chete kumumvera akupuma, akupuma, mpaka anayamba mkonono, nkhukundembo n'kugogoda tebulo ndi mlomo kuti adzuke.

Anatithirira m'matambula a mwendo umodzi aja. Ndinapendeketsa yanga pamwamba pa nsalu yoyera. Pakati anali wakuda bii, koma m'mphepete anali atayamba mtundu wa njerwa yootcha, chomwe ndi chizindikiro cha ukalamba. Nanzikambe anayang'ana, n'kusanduka mtundu womwewo, nati, "Ndagwirizana nazo." Panalitu pasanalankhule munthu.

Nkhukundembo inaviika mlomo m'tambula, n'kudzitukumula. "Ndikumvamo ulemerero. Ndikumvamo chitukuko. Ndikumvamo masomphenya." Mbuzi inati iyo ikumvamo pepala. Kenaka onse anatembenukira kwa ine.

Ndinazunguza tambula, n'kulowetsamo mphuno. Anzanga, dzuwa lija linali momwemo. Munali maula akupsa mpaka kukwinyika, munali fodya wa m'chigafa, munali lamba wachikopa wakale, ndipo pansi pa zonsezo munali fungo la mwala wotentha mvula yoyamba ikangoudonthera. Ndinawauza kuti, "Uyu ngwa chaka chotentha. Mphesa zinapsa kwambiri, shuga anachuluka, n'chifukwa chake mphamvu yake ikulasa m'mphuno. Vinyo wa zaka zotere kawirikawiri amakalamba msanga, amafooka n'kukhala ngati jamu. Koma uyu waima nji. Amene anathyola mphesazi anathyola pa nthawi yake, sanachedwe ndi tsiku limodzi lomwe." Nditangotero mawuwo anandibaya ndekha, chifukwa wothyolayo ndinali ine, ndipo kwinako ndinachedwa.

"Ndili pano, bwana," anamveka mawu kumapazi kwanga. Inali ndowa yanga ija ya chogwirira chopindika. "Zaka zonse zija munkandinyamulira ena. Lero mulavulire inuyo, nanenso ndidziwe kuti ndine munthu."

"Woweruza wachinayi alawe!" inakuwa nkhukundembo.

Ndinakana. Inakuwanso, ndinakananso. Ndiye botolo lija, litatsala ndi masese okha pa tebulo, linanena motsitsa mawu kuti, "Ndadikira inuyo, achimwene. Enawa sandidziwa." Basi ndinatseka maso, n'kupsontha.

Mwadzidzidzi makoma anagwa popanda phokoso, ndipo ndinali m'munda. Mizere ya mphesa inali yomwe ija ya ku Kepi, koma pakati pake panali mizere ya mbatatesi ya kwathu, itachita maluwa oyera. Kutsogolo kwanga mayi wina ankapalira atawerama. Anaweramuka, n'kugwira m'chiuno ndi dzanja lamanzere. Anali Nanyoni. Osati wa m'chipatala amene sindinamuone uja, koma wa tsiku limene anandiperekeza ku depoti, wa duku lobiriwira, kampata kaja kali pakati pa mano.

"Mwafika, bambo a Lusiya," anatero, ngati ndangochokera ku msika.

Anzanga, ine mawu ake ndinali nditawaiwala. Nkhope ndimaikumbuka, chithunzi chilipo, koma mawu anandithawa kalekale, ndipo ndakhala ndikuwafunafuna m'mawu a amayi a ku tchalitchi osawapeza. Ndiye ndi awa, osasa pang'ono, okwera kumapeto. Ndinafuna kuyankha, koma m'kamwa munali vinyo. Ndinawerama kuti ndilavulire m'ndowa, imene inali itanditsatira ikudumphadumpha. Nditangoyamba kutsegula milomo, Nanyoni anayamba kuzimirira, moti ndinkaona mphesa za kuseri kwake kudzera pachifuwa. Ndinatseka pakamwa msanga, iye n'kubwereranso. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Apa ndinazindikira kuti mkazi wanga akhalapo pokhapokha vinyo ali palilime panga. Ndikalavula, wapita. Ndikameza, ng'azi indikweza basi. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinamanga milomo kuti gwa.

"Taonani masayawo," anaseka Nanyoni. "Mwaba chiyani? Zaka zonsezi simunasiyebe kudya mobisa?" Anandizungulira akundiyang'ana. "Koma ndiye mwakalambatu. Tsitsi munalisiya ku Kepi?" Anandigwira padazi ndi dzanja la dothi, ndipo dzanjalo linali lofunda, a Sandalamu, lofunda ndithu.

Anandipatsa khasu kuti ndimunyamulire, ndiye tinayamba kuyenda mu mzeremo, iye patsogolo ine pambuyo, monga tinkachitira pochokera kudimba. Anathyola kamphesa kamodzi n'kukaika m'kamwa.

"Ndi timeneti? Tating'ono chonchi? Bola nthudza. Ndiye akuti amatifinya n'kutisunga zaka, osamwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga amadikira kuti tiswe ngati mazira?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, vinyo n'kufika m'mphuno, ndinachita kudzigwira pakamwa ndi manja awiri.

"Nanga Lusiya? Anakwatiwa?" Ndinavomera. "Ana?" Ndinaimika zala ziwiri. "Mwamunayo samuzunza?" Ndinapukusa mutu. "Denga la khitchini lija munakonza?" Apa ndinayang'ana kumbali, iye n'kuti, "Ndinadziwa."

Nthawi yonseyi vinyo ankagwira ntchito yake m'kamwamo. Poyamba anabwera ndi kutsekemera kwa zipatso zakuda. Kenaka anagwira nkhama pang'ono, monga amachitira masuku osapsetsa, koma mofatsa, chifukwa zaka zinali zitamuthyola ukali. Kenaka kutentha, kofalikira mpaka m'makutu. Panalibe chopondereza chinzake, chilichonse chinkabwera pa nthawi yake n'kupatsa mpata china. Ndinakwiya, anzanga. Ndinkafuna akhale wowawasa, wopserera, woti ndimutukwane. Koma ayi ndithu.

Ndiye kumbuyo kwathu kunamveka thalakitala. Anali oweruza aja, nkhukundembo ikuyendetsa, mapiko ali pa chiwongolero. "Woweruza wachinayi, chigamulo! Nthawi yatha!" Mbuzi inadumphira pansi n'kuyamba kudya masamba a mphesa. Nanzikambe anali atasanduka wobiriwira ngati duku la Nanyoni, akuti, "Ndagwirizana nazo." Ndowa nayo inkandigunda m'akakolo. "Bwana, musandichititse manyazi pagulu. Lavulani."

Mwadzidzidzi dzuwa linatsika kumwamba n'kukhala pa kireti patsogolo pathu, litavala chipewa cha kapitawo. Linayang'ana wotchi ya pamkono. "Masiku khumi ndi awiri okha, Jailosi."

Nanyoni analiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndinu amene?" anatero. "Ine ndimayesa ndinu wamkulu." Analikupiza ndi chitenje ngati akuingitsa nkhuku, dzuwa n'kunyamula kireti yake kukakhala patali, likung'ung'udza.

Kenaka mizere ija inasanduka mabedi a chipatala, uku ndi uku, pa bedi lililonse pagona phava la mphesa lofunditsidwa bulangete. Nanyoni anakakhala pa bedi la pafupi ndi windo, n'kusisita pambali pake kuti nanenso ndikhale.

"Linali ili," anatero. "Pawindopa pamaoneka msewu. Basi iliyonse ikaima ndinkayang'ana otsika. Tsiku lina anatsika wina wa jekete ngati lanu lija, ndinamuuza namwino kuti andipese tsitsi."

Sananene mokwiya ayi. Ananena ngati akundiuza kuti mvula inagwa Lachiwiri. Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Apa ndinaona chinthu chimene chinandiopsa. Vinyo sakhalitsa m'kamwa, malovu amamusungunula. Kukoma kunayamba kuchepa, ndipo Nanyoni naye anayamba kupepuka, m'mphepete mwa duku muli mbuu. Ndiye kuti ngakhale ndisalavule, ngakhale ndisameze, apitabe, ine ndisananene liwu ndi limodzi lomwe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukonza mawu oti ndidzamuuze. Ndawakonza ndikupalira, ndawakonza m'minibasi, ndawakonza m'tchalitchi abusa akulalikira zina. Onsewo anali pakhosi apa, kuseri kwa vinyo.

Iye anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Lusiya, pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kudziwa. Musandinamize, paja inu mukamanama khutu lamanzere limagwedera. Zimene munatsalira zija, ndi zimene zili m'kamwazo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"N'zokoma?"

Oweruza anaima pakhomo atasuzumira, ng'azi ili pambuyo pawo, wezulo ali pakamwa. Ndowa inayasama kumapazi kwanga. Kulavula ndilo lamulo, ndipo ine pa ntchito sindinaphwanyepo lamulo, n'chifukwa chaketu ndinatsala masiku aja. Koma ndikanalavula bwanji pamaso pake? Masiku ake omaliza anali m'kamwa mwanga, ine n'kuwataya m'ndowa ngati madzi otsukira mbale? Ndiye ndinakumbuka chinthu chimene akatswiri aja ankanena okha. Vinyo wabwino ukamumeza sachoka nthawi yomweyo, amatsalira pakhosi, ndipo ukulu wake umaudziwa powerenga kuti upuma kangati kukomako kusanazimirire. Wawamba amatha ukapuma kamodzi. Wabwino amafika kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi.

Ndinameza.

Ng'azi inaimba wezulo. Nkhukundembo inakuwa, "Wameza! Woweruza wameza!" Ndowa inagwa chagada n'kuyamba kulira. Nanzikambe anayera mbee, nati, "Izi zokha sindinagwirizane nazo." Panja mgolo uja unaima, sizasi ikuitanira, "Ntcheu! Ntcheu! Wotsala mmodzi!" Koma kutentha kunatsikira pachifuwa, kukoma n'kutsala pakhosi, ndipo Nanyoni anaonekanso bwinobwino kuposa poyamba, mpaka ndinaona kachipsera ka pachibwano kamene anapsa ndi mafuta tili pa chibwenzi.

Mpweya woyamba ndinangomuyang'ana. Wachiwiri ndinaganiza zonama, zoti ndinene kuti ngwowawa, sanayenere ngakhale tsiku limodzi. Khutu linayamba kugwedera ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iye n'kuliloza ndi chala. Wachitatu ndinanena zoona.

"Ngwokoma, Nanyoni. Chibadwire sindinalawepo chinthu chokoma chonchi."

Ndinanena ndikulira, a Mulinde, kulira kokhala ndi mamina komwe, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Iye anapuma mozama, mapewa n'kutsika, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. "Eya," anatero. "Zaka zonsezi ndimadandaula kuti mwina munandisiya ndekha chifukwa cha zinthu zowawasa." Anamwetulira, kampata kaja n'kuonekera. "Bola pamenepo."

Umenewo unali mpweya wachinayi. Pa wachisanu ng'azi inali itandigwira kale lamba, ikundikokera kukhomo. Ndinagwira chitsulo cha bedi ndi mphamvu zanga zonse. Kukoma kunali kutatsala pang'ono chabe, kumbuyo kwenikweni kwa lilime, ndipo Nanyoni ankamanganso duku lake ngati munthu amene akunyamuka. Ndinati nthawi yake ndi ino, mawu anga aja. Ndinakoka mpweya womaliza, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti pepani mayi a Lusiya, ndikanabwera tsiku lomwelo, koma chimene chinatuluka chinali khoo, khoo, khoo-khoo-khoo.

Unali mpopi wa panja, anzanga. Madzi anasiya masiku atatu apitawo, ndiye m'mawa uno amabwerera, mpopi ukutsokomola mpweya, amayi a nyumba zoyandikana akugundanitsa zigubu pa mzere. Ndinapezeka ndili pa bedi langa, dzanja litagwirabe chitsulo.

Ayi, a Mulinde, tiyi mwandithirirayo imwani nokha, musakhumudwe. Lero sindinatsuke m'kamwa, sindinamwe ngakhale madzi. Ndikameza malovu, kumbuyo uku kukumvekabe kanthu pang'ono, ndiye ndikufuna ndione kuti kafika nthawi yanji.